Granola ndi Soseji: Cimene Ciliconse Cimapatsa Thupi

Pa maphunziro a kakonzedwe ka zokolola amene tinali nawo m'nyengo yangopitayi, mayi wina wa m'gulu la ophunzira athu anabwera m'kalasi ndi paketi m'cikwama. Amuna awo anali atauzidwa kucipatala kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, ndipo namwino anawalangiza kuti aleke soseji imene ankakonda kugula nthawi zonse akagulitsa ndiwo zamasamba pamsika. Mwana wawo wamkazi wokhala ku Lusaka atamva zimenezi anatumiza paketi ija, ya cakudya cochedwa granola, nati ici ndico cakudya ca thanzi. Bambowo atalawa anakankhira mbale kumbali, nanena kuti iwo si nkhunda yoti izidya njere, ndi kuti munthu wogwira khasu amafunika nyama. Funso la mayiwo linali lalifupi: kodi pa ziwirizi, cimene cimapatsa thupi mphamvu n'citi?

Tinawayankha mwacidule tsiku lomwelo, koma taona kuti nkhaniyi ndi yoyenera kuilemba bwino, popeza zakudya zonse ziwiri tsopano zikupezeka m'masitolo aakulu a ku Chipata ndi ku Lusaka, ndipo ena mwa ophunzira athu akulingalira zoyamba kukonza cimodzi mwa izo kuti azigulitsa. Zakudyazi zimasiyana kawiri. Poyamba zimasiyana pa cinthu cimene zimapangidwa naco, pakuti cina ndi njere ndipo cina ndi nyama. Kaciwiri zimasiyana pa zimene wopanga amawonjezeramo, ndipo kusiyana kwaciwiriku ndiko kumene ogula ambiri sakuona.

Kumene zakudyazi zinacokera

Granola ndi cakudya ca ku America, ndipo ciyambi cake cili m'nyumba yosamalira odwala. M'caka ca 1863, dokotala wina dzina lake James Caleb Jackson, amene anali ndi malo ociritsira anthu ku Dansville m'cigawo ca New York, anakanda ufa wa tirigu wosacotsa gaga, nauphika mu uvuni, nauphwanya tizidutswa, n'kuuphikanso kaciwiri mpaka utauma gwa. Cakudyaco anacicha granula. Cinalibe kutsekemera, ndipo cinali colimba kotero kuti cinkafunika kuviikidwa mumkaka usiku wonse munthu asanaciyese ndi mano. Ife a mpingo wa Seventh-day Adventist mbiri imeneyi imatikhudza, pakuti Ellen White ndi amuna awo James White anafikako ku Dansville m'zaka za 1864 ndi 1865, ndipo pambuyo pake John Harvey Kellogg, dokotala woyang'anira cipatala ca mpingo ku Battle Creek m'cigawo ca Michigan, anayamba kupanga cakudya cofanana naco posakaniza tirigu, oats ndi cimanga. Iyenso anacicha granula, koma a Jackson atadandaula za dzinalo, anasintha cilembo cimodzi likhale granola.

Mbiri imeneyi isatinyenge. Granola wa m'masitolo lero ndi wosiyana kutali ndi cakudya couma cija ca ku Dansville. Kuyambira m'zaka za m'ma 1960, pamene anayambanso kuchuka, kapangidwe kake kakhala kotere: njere za oats zopsinjidwa kuti zikhale zopyapyala zimasakanizidwa ndi mafuta ophikira pamodzi ndi uci kapena shuga wosungunula, amathiramo mitundu ya mtedza ndi nthanga, n'kuziika mu uvuni kufikira zitafiirira, ndipo zipatso zouma amathira pomaliza. Uci ndi mafutawo ndiwo amamata njere kuti zikhale tizibulumwa tokhukhutika bwino. Oats mwiniwakeyo sitimulima kwenikweni kuno, amakonda maiko ozizira monga Canada ndi Russia, ndipo ici ndi cimodzi mwa zifukwa zimene paketi yake imadulira.

Soseji ndi yakale kwambiri kuposa granola. Anthu a ku Ulaya ndi a maiko ena, pokhala opanda firiji, akapha ciweto ankatenga zidutswa zotsala, mafuta, nthawi zina ndi magazi omwe, n'kuzidula ting'onoting'ono, kuzithira mcere wambiri ndi kuzilonga m'matumbo a ciwetoco. Dzina lenilenilo linacokera ku liwu la Cilatini lotanthauza cinthu cothiridwa mcere. Inali nzeru yofanana ndi ya makolo athu yowamba nyama pamoto kuti isaole, kungoti soseji inkapulumutsa ndi zidutswa zomwe zosati n'kuwamba. Kuno kwathu timadziwa Hungarian wokazinga m'misika ndi pa masiteshoni a mabasi, boerewors woocha pa mbaula, vienna ndi polony, ndipo zimenezi si zofanana. Ku South Africa lamulo limati cinthu cisachedwe boerewors ngati nyama yake siifika magawo 90 pa 100, ndiponso mafuta ake asapitirire magawo 30. Masoseji ambiri ochipa sali conco: mumalowa madzi, sitaci, zinyenyeswa za buledi, soya, ndi nyama ya nkhuku yopalidwa m'mafupa ndi makina. Cikanda cathu, cimene ena amacicha polony wa kuno, sicili m'gulu limeneli ayi, pakuti ico ndi timizu ta m'dambo ndi nshawa, mulibe nyama.

Tikaziika pa sikelo

Ziwerengero zimene titi tipereke ndi za pakatikati, pa magalamu 100 a cakudya ciliconse. Paketi iliyonse ili ndi zake zolembedwa kumbuyo, ndipo zimenezo ndizo zoyenera kuzikhulupirira pogula.

Tiyambe ndi mphamvu, popeza ndipo panali mkangano. Mphamvu ya cakudya imayesedwa ndi makalori. Granola ali ndi makalori pakati pa 450 ndi 490, pamene soseji yophika ili ndi pakati pa 300 ndi 330. Ophunzira athu ambiri anakana kukhulupirira zimenezi, koma cifukwa cake n'cosavuta: pafupifupi theka la kulemera kwa soseji ndi madzi, pamene granola ndi wouma ngati cimanga ca m'nkhokwe, ndipo pamwamba pa kuumako wathiridwa mafuta ndi shuga. Conco pa nkhani ya mphamvu yokha, bambo aja analakwa; cakudya ca nkhunda cija cili ndi mphamvu kuposa nyama imene ankailirira. Koma ici sicabwino kwa aliyense. Opanga amalemba pa paketi kuti munthu adye magalamu 40 kapena 50, amene sadzaza ngakhale kapu, koma ife ozolowera mbale yodzaza ya phala timathira kawiri kapena katatu kuposa pamenepo. Mlimi amene akupita kukalima mizere mpaka dzuwa pamutu adzaiocha mphamvuyo. Munthu wokhala pa desiki, kapena amene anauzidwa kuti acepetse thupi, adzangoisunga pamimba.

Pa mapuloteni, amene ndi zomanga thupi, soseji ili patsogolo, koma osati kutali monga momwe anthu amaganizira. Ili ndi magalamu pakati pa 12 ndi 19, ndipo granola ali ndi pakati pa 10 ndi 14. Munthu wamkulu wolemera makilogalamu 60 amafunika pafupifupi magalamu 50 patsiku. Kumene soseji imapambanira kwenikweni ndi pa mtundu wa mapuloteniwo. Thupi limawaphwanya kukhala tizigawo tochedwa ma amino asidi, n'kumanga nato minofu, magazi ndi khungu, monga mmisiri amangira nyumba ndi njerwa, mcenga ndi simenti. Cimodzi cikacepa, nchito imaima ngakhale zinazo zitaunjikana. Nyama ili ndi tizigawo tonse tofunika pa mlingo woyenera. Njere monga oats, tirigu, mapira ndi cimanga zimaperewera pa kagawo kamodzi kochedwa lysine. Kagawo kameneka kamapezeka kambiri mumkaka, mu soya, mu nyemba ndi mu kayera, n'cifukwa cake granola wodyera mkaka amakwanira bwino, monganso nsima imakwanira ikadyedwa ndi kayera.

Pali cinthu cina cimene okonda soseji ayenera kucidziwa. Nyama ya ng'ombe kapena ya mbuzi yopanda mafuta, ikaphikidwa, imakhala ndi magalamu a mapuloteni oposa 25. Soseji ili m'munsi kwambiri cifukwa malo a mnofu analowamo mafuta ndi zodzazira zija. Galamu imodzi ya mafuta imapereka makalori 9, pamene ya mapuloteni kapena ya sitaci imapereka 4. Soseji yokhala ndi magalamu 25 a mafuta imapereka makalori 225 kucokera ku mafuta okhawo, ndiye kuti pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mphamvu yake yonse. Wogula soseji akuganiza kuti wagula nyama, koma mbali yaikulu ya cimene thupi lake lilandire ndi mafuta.

Granola nayenso ali ndi mafuta ambiri, magalamu pakati pa 15 ndi 24. Kusiyana kuli pa mtundu wake. Amayi onse amadziwa mafuta aja amene amaundana n'kuyera pamwamba pa mphika wa nyama ukazizira. Mafuta oundanawa ndiwo amakweza kolesitolo woipa m'magazi, amene m'kupita kwa zaka amacepetsa njira za m'mitsempha ndi kubweretsa matenda a mtima ndi sitiroko. Mu soseji muli magalamu 9 kapena 10 a mafuta otere. Bungwe la zaumoyo la World Health Organization limalangiza kuti asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu ya tsiku, kutanthauza magalamu pafupifupi 22 kwa munthu wodya makalori 2,000. Masoseji awiri aakulu amatha kumaliza mlingo wonsewo. Mafuta a mu nshawa, mu mpendadzuwa ndi mu nthanga za maungu ambiri ake ndi osaundana, ndipo amathandiza mtima. Ofufuza a pa yunivesite ya Loma Linda, atatsatira a Adventist oposa 30,000 a ku California, anafalitsa m'caka ca 1992 kuti amene ankadya mtedza koposa kanayi pa mlungu anali ndi ngozi yomwalira ndi matenda a mtima yocepa pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi amene ankaudya mwa apo ndi apo. Komabe yang'anani pa paketi, cifukwa opanga granola ena amagwiritsa nchito mafuta a kokonati kapena a kanjedza, ndipo amenewa ali ndi mafuta oundana ambiri ngakhale acokera ku zomera.

Pa faiba palibe mpikisano. Faiba ndi mbali ya zomera imene mimba siigaya, monga gaga wa cimanga ndi makoko a nyemba. Soseji ilibe faiba mpang'ono pomwe, kupatulapo kakang'ono kocokera ku zodzazira. Granola ali ndi magalamu pakati pa 7 ndi 9, pa magalamu 25 amene munthu wamkulu amafunika patsiku. Faiba amathandiza kuti munthu azipita kucimbudzi mosavuta, amacedwetsa shuga kulowa m'magazi, ndipo amadyetsa tizilombo tabwino ta m'matumbo. Oats ali ndi mtundu wina wa faiba wochedwa beta-glucan, uja amacititsa phala lake kutelera ngati therere, ndipo magalamu atatu patsiku amatsitsa kolesitolo. Tikamatama oats tisaiwale kuti tili ndi cizolowezi cokonola cimanga cathu mpaka ciyere mbee, gaga n'kupatsa nkhuku, kenako n'kupita kusitolo kukagula faiba wa m'paketi pa mtengo wokwera. Mgaiwa uli ndi faiba wambiri kuposa ufa woyera.

Mcere ndi shuga

Tafika tsopano pa zimene wopanga amawonjezera, ndipo kwa bambo aja a matenda a kuthamanga kwa magazi apa ndipo panagona nkhani.

Soseji siingakhale soseji popanda mcere. Mcere ndiwo umasungunula mbali ina ya mapuloteni a nyama kuti zidutswa zigwirane, umasunga madzi m'kati, ndipo umacedwetsa kuola. Pa paketi sawirikiza kulemba mcere, amalemba sodium, amene ndi gawo limodzi la mcerewo. Kuti mudziwe mcere weniweni, culukitsani ciwerengero ca sodium ndi 2.5. Masoseji ambiri ali ndi mamiligalamu a sodium pakati pa 700 ndi 900, ndipo ena amapitirira. Tikatenga 800, ndiye kuti magalamu awiri a mcere pa magalamu 100 alionse. Mlingo umene World Health Organization imalangiza ndi wosafika magalamu asanu patsiku, kasipuni kakang'ono kamodzi kosadzaza bwino, pa zakudya zonse za tsikulo. Munthu wodya soseji ya magalamu 150 masana walandira kale magalamu atatu, asanawerenge mcere wa mu ndiwo zamasamba, wa mu buledi, wa mu kapenta ndi uja wowaza pambale asanalawe n'komwe. Mcere woculuka umacititsa thupi kusunga madzi, magazi amakankha mitsempha mwamphamvu, ndipo mtima ndi impso zimagwira nchito yolemetsa mwakacetecete kwa zaka zambiri munthu asakumva kupweteka kulikonse. Namwino uja ananena zoona.

Granola alibe mcere wambiri, koma ali ndi cake cobisika. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Mapaketi ambiri ali ndi magalamu a shuga pafupifupi 20 pa magalamu 100, ndipo ena amafika 30. Kasipuni kakang'ono ka shuga kamalemera magalamu anayi, conco mbale yodzaza ili ndi timasipuni tisanu kapena kuposa, munthu asanathire wina mu tiyi. Langizo la World Health Organization ndi lakuti shuga wowonjezera asapitirire magalamu 50 patsiku kwa munthu wamkulu, ndipo kukhala pa theka la pamenepo n'kwabwino koposa. Mlingo umenewu umawerengera ndi uci womwe. Timachula zimenezi cifukwa ambiri a ife timaweta njuci ndipo timakonda kunena kuti uci ndi wacilengedwe. Ndi wacilengedwe ndithu, koma magawo pafupifupi 80 pa 100 a uci ndi shuga, ndipo thupi la munthu wodwala matenda a shuga limaulandira monga shuga wina aliyense. Ngakhale shuga wa pa tebulo wa m'dziko muno, amene kuyambira 1998 amathiridwa vitamini A, sakhala mankhwala cifukwa ca vitaminiyo.

Njira yacidule yodziwira ndi iyi: zinthu za m'cakudya zimalembedwa pa paketi motsatira kulemera kwake, coculuka poyamba. Ngati shuga, uci kapena manyuci ali pamalo aciwiri pambuyo pa oats, mwagwira maswiti okhala ndi njere. Cimodzimodzi pa soseji, ngati madzi, sitaci ndi mafuta zili pafupi ndi pamwamba, nyama ilimo yocepa.

Nkhani ya khansa

Masoseji ambiri ofiira, monga vienna, polony ndi Hungarian, amathiridwanso mankhwala ochedwa nitrite. Mankhwalawa ali ndi nchito yeniyeni. Kale ku Germany anthu ambiri ankafa atadya soseji yosasungika bwino, ndipo matenda amenewo, botulism, anatenga dzina lake ku liwu la Cilatini la soseji. Nitrite amaletsa kacilombo koyambitsa matendawo kukula, ndipo ndiye amapatsa nyama mtundu wofiirira uja. Vuto lake n'lakuti pophika pa moto waukulu ndiponso m'matumbo mwa munthu, amatha kusandulika zinthu zina zimene zimawononga maselo.

Mu Okutobala 2015, bungwe lofufuza za khansa la IARC, limene ndi nthambi ya World Health Organization, litapenda kafukufuku woposa 800, linaika nyama zokonzedwa ndi mcere, utsi kapena mankhwala m'gulu loyamba la zinthu zoyambitsa khansa, makamaka ya m'matumbo aakulu. Linati magalamu 50 a nyama yotere tsiku lililonse amakweza ngoziyo ndi magawo pafupifupi 18 pa 100. Ciwerengeroci n'cofunika kucimva bwino, popeza ena anacigwiritsa nchito poopseza anthu. Fodya alinso m'gulu loyambalo, koma izi zitanthauza kuti umboni wa zonse ziwiri ndi wolimba, osati kuti kuvulaza kwake n'kofanana. Fodya ndi woopsa kutalitali. Tiyerekeze kuti pa anthu 100 osadya soseji, asanu adzadwala khansa imeneyi pa moyo wawo; pa anthu 100 odya tsiku ndi tsiku, odwala adzakhala pafupifupi asanu ndi mmodzi. Ngoziyo ndi yeniyeni, ndipo imakula ndi kuwirikiza kwa kudya. Faiba wa m'njere zosakonola amacita zosiyana, amaicepetsa.

Abale ndi alongo a mumpingo, pano tili ndi mawu kwa ife eni. Timapewa nyama ya nkhumba potsatira Levitiko 11, ndipo ambiri tikafika m'buchala timangofunsa funso limodzi, ngati sosejiyo ndi ya ng'ombe kapena ya nkhuku, tikamva kuti inde mtima n'kukhala pansi. Koma mcere, nitrite ndi mafuta oundana zilimo mu soseji ya ng'ombe monga momwe zilili mu ya nkhumba, ndipo cigamulo ca IARC sicinasiyanitse ciweto. Ndiponso masoseji ambiri a ng'ombe amalongedwa m'matumbo a nkhumba, cinthu cimene wogulitsa sachula pokhapokha mutamufunsa.

Zimene granola sangapereke

Kukanakhala kusaona mtima tikanasiyira pamenepa. Soseji ili ndi zinthu zina zimene granola alibe, ndipo cacikulu ndi vitamini B12. Vitamini ameneyu amafunika popanga magazi ndi posunga mitsempha ya ubongo ndi ya m'thupi monse, ndipo sapezeka m'zomera. Munthu wamkulu amafunika kakang'ono kwambiri, mamaikulogalamu 2.4 patsiku, koma akasowa kwa nthawi yaitali munthu amafooka, manja ndi mapazi zimacita dzanzi, amayamba kuiwalaiwala, ndipo kuwonongeka kwina sikubwerera. Ciwindi cimasunga vitaminiyu kwa zaka zingapo, conco munthu amene wasiya nyama amamva bwino poyamba, vuto n'kudzaoneka mocedwa. Taonapo mabanja m'mipingo yathu amene anasiya nyama, mkaka ndi mazira nthawi imodzi mwacangu ca cikhulupiriro, popanda cina colowa m'malo, ndipo amene amavutika msanga ndi mayi woyamwitsa ndi khanda lake. Kapu ya mkaka imapereka pafupifupi theka la mlingo wa tsiku, mazira ndi kapenta zimaperekanso. Amene sadya ciliconse cocokera ku ziweto ayenera kumwa mapiritsi a B12.

Ayironi, wofunika kuti magazi asacepe, alimo mu zonse ziwiri, ndipo pa pepala oats ndi nthanga zimaoneka kuti zili naye wambiri. Koma thupi limayamwa mosavuta ayironi wa m'nyama. Wa m'njere amagwidwa ndi cinthu cochedwa phytate, cimene cimagwiranso zinki. Tiyi womwera pa cakudya amawonjezera vutolo, pamene vitamini C wa mu magwafa, malalanje, malambe ndi mapapaya amalicepetsa. Kuviika njere, kuzimeretsa monga ticitira pokonza cimera, kapena kuzisasitsa kumacepetsanso phytate.

Za ana aang'ono, kafukufuku wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osafika zaka zisanu m'Zambia ndi opinimbira. Mwana wotere sathandizidwa ndi soseji, imene ili ndi mcere wopitirira impso zake, kapena ndi granola, amene tizibulumwa take ndi nshawa zake zathunthu zikhoza kumutsamwa. Uci ndiye sayenera kupatsidwa mwana wosakwanitsa caka, cifukwa ukhoza kukhala ndi kacilombo kaja ka botulism. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, dzira, mkaka kapena kapenta wosinja limamuyenera kuposa zonse ziwirizi, ndipo ndalama yake ndi yocepa.

Zimene tinayesa pa malo ano

Mlungu wotsatira tinapanga granola wathu m'khichini ya pa malo ano, pogwiritsa nchito zimene timalima. Tinakazinga mapira mumphika wotentha mpaka ataphulika ngati mbuliwuli, tinakazinga nshawa za Chalimbana, nthanga za maungu, mpendadzuwa wosenda ndi citowe, ndipo tinathiramo soya wocepa wokazinga kwambiri, pakuti soya wosapsa bwino ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya mapuloteni. Oats tinagula pang'ono kuti zigwirane. Pa makapu khumi a zouma tinathira theka la kapu ya uci ndi theka la kapu ya mafuta a mpendadzuwa, tinayala pa malata ophikira buledi, n'kuphika pa moto wocepa tikutembenuza. Mango ouma tinadulira pomaliza. Tizibulumwa sitinagwirane bwino ngati ta m'sitolo, ndipo acinyamata anadandaula kuti sizikutsekemera. Mlingo wa uci tinausiya momwemo.

Nchito imene inatitengera nthawi yaitali ndi yosankha nshawa. Nshawa zosauma bwino kapena zosungidwa pa cinyontho zimagwidwa ndi cuku cimene cimatulutsa poizoni wochedwa aflatoxin, amene amawononga ciwindi ndi kupinimbiritsa ana, ndipo kukazinga sikumupha. Zonse zofota, zosweka, zakuda ndi zowawa ziyenera kutayidwa, osati kuzisinja nsinjiro monga ena amacitira poopa kuwononga. Amene akufuna kugulitsa granola ayambire pamenepa, cifukwa paketi yolembedwa kuti cakudya ca thanzi yokhala ndi nshawa za cuku ndi yoopsa kuposa soseji.

Kwa amene akufuna kupanga masoseji a mbuzi kapena a ng'ombe, tinaonetsa kuti mwini wake akhoza kucepetsa mafuta ndi mcere, n'kukometsa ndi adyo, anyezi, tsabola ndi coriander. Soseji yotere ilibe mankhwala osungira, conco iyenera kukhala m'firiji ndi kudyedwa m'masiku awiri, yophikidwa mpaka pakati pake patafika madigiri 71 ndipo pasakuonekanso kufiira. Kumene magetsi amazimazima, pangani zokhazo zimene zili kale ndi wogula.

Mayi aja anatenga botolo la granola wathu kupita nalo kunyumba. Tinagwirizana kuti m'mawa amuna awo azidya phala la mgaiwa la nsinjiro, granola azingowaza dzanja limodzi pamwamba, ndi kapu ya mkaka wosasa pambali. Masana nsima ya kayera kapena nyemba ndi ndiwo zamasamba, kapenta wotsuka kawiri kuti mcere ucepe, ndipo nyama ikhale nkhuku ya kumudzi kapena mbuzi yophika pakhomo. Soseji ikhale ya pa ukwati. Atabweranso mwezi wotsatira anatiuza kuti bambo akupitabe kucipatala kukapimitsa magazi ndi kulandira mankhwala awo, kuti dzina lakuti cakudya ca nkhunda sanalisiye, ndi kuti amasankhamo nshawa ndi mango n'kusiya mapira pansi pa mbale.